Ndani Anapha Nkhalamba Karamazov?

Buku lochedwa The Brothers Karamazov, limene Fyodor Dostoevsky wa ku Russia analitulutsa m'zaka za 1879 ndi 1880, likamba mlandu wa kupha kholo. Nkhalamba Karamazov inali yokonda ndalama, mowa ndi akazi, ndipo ana ace sinawalere. Dmitri, mwana wacisamba, analimbana nayo cifukwa ca colowa ndiponso cifukwa ca mkazi, Grushenka. Ivan, munthu wophunzira, anakana kubvomera dziko m'mene Mulungu alola tiana tosacimwa kusauka. Alyosha anatsata mkulu wa cipembedzo, Zosima. Panalinso Smerdyakov, wophika wa m'nyumbamo, amene anthu ananong'ona kuti ndi mwana wa m'tchire wa nkhalambayo.

Usiku wina nkhalamba inaphedwa. Bwalo linatsutsa Dmitri, pakuti onse anamumva alikuopseza atate wace. Koma wakupha anali Smerdyakov, amene anaulula kwa Ivan yekha, nadzipacika.

Mphamvu ya bukuli igona apa. Oweruza afunsa za dzanja limene linakantha. Mlembi afunsa za mitima imene inakhumba imfayo. Ivan sanagwire cida, koma anaphunzitsa kuti popanda moyo wosatha palibe coletsedwa, ndipo anacoka pamudzi alikudziwa kuti tsoka layandikira. Cikumbumtima cinamdya kufikira anadwala mutu. Zosima aphunzitsa kuti munthu ali yense asenza colakwa ca onse, monga akulu anenera kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Wowerenga wa mu Lusaka sadzaona nkhaniyi ngati yacilendo. M'nyumba za ku Kabwata ndi Chelstone abale alekana mau cifukwa ca nyumba ya wakufa, maliro asanathe, ndipo mabvuto otere ndiwo anacititsa boma kuika lamulo la colowa mu 1989. Lamulo ligawa katundu, koma silingagawe manyazi a tate amene anasiya mwana wace m'khichini osamchula dzina.

Bukuli lili ndi zofooka. Anthu ace alankhula motalika koposa, ndipo munthu mmodzi achedwa maina angapo, cimene cisokoneza woyamba kumene. Yankho la Alyosha nalonso silifika pa ukali wa funso la Ivan. Komabe mlembi sananamize: iye mwini anaika m'manda mwana wace wa zaka pafupifupi zitatu, dzina lace Alyosha, mu 1878, ndipo funsolo analisiya likali kuwawa.