Ufumu wa Benny Goodman

Benny Goodman (1909–1986), mwana wa telala wosauka wa ku Chicago, anatchedwa mfumu ya swing. Luso lake pa clarinet n'losakayikitsa: liwu losalala, zala zosaphonya, monga zimvekera m'chimbale cha konsati ya ku Carnegie Hall ya 1938. Komabe mutu umodzi susenza denga. Wosanja nyimbo zambiri zimene zinamutchukitsa mu 1935, kuphatikizapo "King Porter Stomp", anali Fletcher Henderson, katswiri wakuda amene gulu lake linabalalika mu 1934. Goodman sankakana zimenezi, ndipo mu 1936, tsankho lili pachimake, anayamba kuimba poyera ndi Teddy Wilson, woliza piyano wakuda. Koma anthu anaveka chisoti woliza yekha, wosanja n'kumuiŵala.