Ndowa ya Asilamu ndi Maukwati Athu a ku Mitundu ndi Nathenje

Wansembe aliyense amene adawerengapo Misa m'matchalitchi a ku Mitundu ndi ku Nathenje awadziwa amuna ndi akazi amene satuluka m'mabenchi nthawi yolandira Ukaristia ikafika. Ambiri mwa iwo sali pa mitala, ndiponso sadasiye banja lina. Adachita chinkhoswe, amalume adalandirana tambala ndi msoti, ana adabadwa, ndipo mudzi wonse uwadziwa kuti ndi banja. Chowatsalira nkudalitsa ukwati. Tikawafunsa chowachedwetsa, kawirikawiri ayankha kuti akudikira chaka chimene fodya kapena mtedza udzagulidwe bwino. M'nkhani ino tifuna kuweruza chizolowezi chimene chabala yankho limeneli, ndipo tichiyesa pa mwambo wa anansi athu Asilamu, amene timagulana nawo malonda pa misika yomweyi.

Kuyesa kotere nkololeka. Msonkhano Waukulu Wachiwiri wa Vatican, m'chikalata cha Nostra Aetate cha 1965, udatiphunzitsa kuwaona Asilamu mwaulemu. Kalembera wa 2018 adapeza kuti Asilamu ndi 13.8 pa anthu 100 aliwonse m'Malaŵi, pamene Akatolika ndi 17.2. Anthu ochuluka chotere sitingakhale nawo pafupi osadziwa m'mene amamangira mabanja.

Ukwati wa Chisilamu, umene Ayao autcha ndowa ndipo m'Chiarabu ndi nika, uli ndi nsanamira zowerengeka: kuvomera kwa mwamuna ndi mkazi, mkulu woimira mkazi kubanja kwawo, mboni ziwiri, ndi mahari. Mahari ndi mphatso imene mwamuna apereka kwa mkazi mwini wake, monga Korani ilamula m'sura 4. Imatha kukhala yochepa, ndipo mbali ina itha kuperekedwa mtsogolo. Zimenezi zikakwanira pamaso pa shehe, awiriwo ndi banja. Phwando, lotchedwa walima, nlolimbikitsidwa, koma aphunzitsi a Chisilamu agwirizana kuti munthu alichite monga mwa mphamvu zake. Msilamu wosauka, tsono, alibe chifukwa cha chipembedzo chokhalira zaka zisanu kunja kwa ndowa.

Chodabwitsa nchakuti malamulo athu safuna zambiri kuposa pamenepa. Buku la Malamulo a Mpingo la 1983 litero pa kanoni 1057 kuti chomanga ukwati ndi kuvomerezana kwa awiriwo, ndipo pa kanoni 1108 lifuna wansembe kapena dikoni wololezedwa ndi mboni ziwiri. Za velo, keke, mdipiti wa magalimoto ndi zimkuzamawu mulibemo. Komabe m'maganizo a Akhristu athu ukwati woyera wasanduka chikwati chokhala ndi komiti, mavalidwe obwereka ku Lilongwe ndi perekaniperekani wa masana onse. Wopanda ndalama za zimenezi amadziyesa wosayenera sakramenti. Cholakwa tisachikankhire kwa iwo okha. Ife ansembe tadalitsa zikwati zodula ndi nkhope yowala, za amphawi nkuzithamangira, ndipo anthu adaona.

Perekaniperekani tisamunyoze wonse. Pa chiyambi chake ndi thandizo la abale kwa banja latsopano, pakuti mutu umodzi susenza denga. Chaipa nchakuti ndalama zoponyedwa m'lichero masiku ano zimathera kubweza ngongole za tsiku lomwelo, ndipo wolengeza amaitana anthu magulumagulu kotero kuti wopereka pang'ono achita manyazi pamaso pa anzake. Papa Francis, m'kalata yake ya Amoris Laetitia ya 2016, adachenjeza za zokonzekera zimene zimatha chuma ndi mphamvu za akwati asanafike nkomwe ku guwa. Makolo athu adanena kale za chikomekome cha mkuyu.

Funso lachiwiri ndi la masiku otsatira chikwati. Pano tibwereke chitsanzo kwa Asilamu a mtundu wina, Asomali, amene ena a iwo akhala nafe ku Dzaleka m'boma la Dowa, kumalo a othawa kwawo amene adatsegulidwa mu 1994. Pa mwambo wawo akwati amakhala m'nyumba yatsopano masiku asanu ndi awiri osagwira ntchito, abale akuwaphikira ndi kuwachezera. Masikuwo akatha pamakhala mwambo wotuluka umene autcha toddoba bax. Amayi amasonkhana namveka mkwatibwi mipango kumutu, mwambo wa shaash saar, posonyeza kuti walowa m'gulu la akazi apabanja, ndipo amalakatula ndakatulo zawo za buraanbur. Kumpoto kwa dziko lawo akuchikazi amabweretsa xeedho, chotengera chodzaza nyama yofutsa ya m'mafuta a mkaka ndi zipatso za kanjedza, chomangidwa mfundo zovuta zimene akuchimuna ayenera kumasula mosadula chingwe. Chiwerengero cha masiku chigwirizana ndi chiphunzitso cha Chisilamu chopatsa namwali wokwatiwa kumene masiku asanu ndi awiri a mwamuna wake. Owerenga Malembo akumbukira sabata la ukwati wa Leya pa Genesis 29, ndi lamulo la pa Deuteronomo 24:5 lomasula mkwati ku nkhondo chaka chathunthu.

Tiyerekeze zimenezi ndi hanimuni imene yafala pakati pathu. Akwati opeza bwino amanyamuka usiku womwewo kupita ku nyanja, ku Salima kapena ku Mangochi, kumene sadziwa munthu. Osauka, amene ali ambiri ku Mitundu ndi Nathenje, amadzuka m'mawa mwake kukabweza mipando ndi kuwerenga ngongole. Onse awiri masiku awo oyamba amakhala okhaokha. Kupuma kwa awiri sikoipa, ndipo akwati ayenera kupatsidwa mpata wodziwana. Koma pa mwambo wa Asomali mpatawo umaperekedwa ndi abale, amene amasenza ntchito za akwati ndi kuwalandira m'moyo watsopano, ndipo wosauka naye amaupeza. Hanimuni imagulidwa ndi ndalama, nchifukwa chake ambiri imawapitirira.

Mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa, koma apa mlendoyo angotikumbutsa zathu zomwe. Achewa adali ndi anankungwi olangiza akwati polowa m'nyumba, ndi ankhoswe amene udindo wawo sutha pa tsiku la chikwati. Mkamwini amalowa m'mudzi wa akuchikazi anthu akumuona ndi kumuphunzitsa. Mwambowu udali ndi zina zimene Mpingo udakana moyenera, koma udadziwa kuti banja latsopano silisiyidwa lokha.

Sitikunena kuti ndowa ndi sakramenti. Kwa Asilamu ukwati ndi pangano limene lingathe kumasulidwa ndi talaka, ndipo mwamuna aloledwa akazi mpaka anayi. Kwa ife ukwati wa obatizidwa ndi wa mwamuna mmodzi ndi mkazi mmodzi mpaka imfa. Mkatolika wofuna kukwatirana ndi Msilamu afunika chilolezo cha episkopi malinga ndi kanoni 1086, ndipo wansembe wobisira mtsikana kusiyana kumeneku amulakwira kwambiri. Ndiponso si Asilamu onse amene apulumuka ku matenda a kudzionetsera: Asomali a m'mizinda nawo amadandaula za maukwati a m'mahotela ndi chuma chochuluka chimene makolo a mkazi amafuna. Chimene tikuyamikira nchakuti chiphunzitso chawo chasunga poyera malire a pakati pa pangano ndi phwando, pamene ife tawalola kufufutika.

Tichitenji tsono? Poyamba, tilalike momveka, ndipo tionetse ndi nkhope zathu, kuti ukwati wodalitsidwa pa Misa ya m'mawa, akwati atavala zovala zawo za Lamulungu, ndi wathunthu. Kachiwiri, chinkhoswe ndi dalitso la Mpingo ziyandikane, maphunziro a ukwati ayambe ankhoswe akangoyamba kukambirana, ndipo kumene kungatheke ankhoswe omwewo akhale mboni. Kachitatu, maukwati odalitsira pamodzi achitike pa nthawi yodziwika chaka chilichonse, makamaka anthu akakolola. Kachinayi, sabata loyamba la banja likhale ntchito ya mphakati. Miphakati imene sinodi ya Dayosizi ya Lilongwe idakhazikitsa pakati pa 1973 ndi 1975, pa nthawi ya Episkopi Patrick Kalilombe, imadziwa kale kuphikira ofedwa ndi kugona pa maliro. Ingathenso kutungira madzi akwati, kuwabweretsera ufa ndi nkhuni, ndi kupemphera nawo madzulo masiku asanu ndi awiri.

Aseminale amene akukonzekera kukatumikira m'maparishi a kumidzi ayambe ndi kutsegula buku la maukwati ndi buku la ubatizo wa ana, naziyerekeze. Mabanja amene apezeka m'buku lachiwiri koma osapezeka m'loyamba ndiwo ayenera kuyamba kuwayendera, ndi kuwauza kuti Mpingo sukudikira fodya wawo.