Waganyu si wageni

Alembi anzanga, mawu oti "wodzilemba yekha ntchito" akutipusitsa. Amakoma pa wailesi, koma akuphimba anthu awiri osiyana.

Mayi wogulitsa tomato pa Mponela ku Dowa ndi wageni: ali ndi mpamba, mtengo amatchula yekha. Bambo wa ku Malomo ku Ntchisi, amene mu Januwale akubandira m'munda mwa mnzake kuti apeze ufa, wake ukulowa tchire, ndi waganyu. Ameneyu sanadzilembe ayi, yamulemba ndi njala.

Mawu oti ganyu anachokera ku ganho wa Chipwitikizi, kutanthauza phindu. Nanga phindulo likupita kwa yani? Mukamalemba nkhani zanu, mutchuleni munthu ndi dzina lenileni la ntchito yake. Mukamuveka mawu a muofesi, owerenga saionanso njala yakeyo.