Nthabwala Mfuti Ili Pafupi

Nkhondo ikafika pakhomo, wanthabwala savutika kupeza womuseka. Ku Kyiv, chiyambire February 2022, achinyamata akhala akuimirira ndi maikolofoni m'zipinda za pansi pa nthaka, kuseketsa anthu mabomba akugwa kunja, ndalama zapakhomo n'kupita kwa asilikali. Kunyoza Putin kumeneko aliyense angathe, ndipo m'manja mumawombedwa. Ntchito imakula ukafuna kugwira wakwanu, Volodymyr Zelensky, yemwe naye anali wanthabwala asanasankhidwe mu 2019, koma anthu osakuyesa kapirikoni.

Kuno ku Mangochi mantha otere tinawalawa. Mu February 1965 anthu a Henry Masauko Chipembere anatsika m'mapiri a kumtunda kwa Malindi n'kuthira nkhondo boma la Fort Johnston, lomwe lero ndi Mangochi Boma, ulendo wawo wa ku Zomba n'kukathera pa doko la Liwonde. Chotsatira chinali chipwirikiti m'midzi, ndipo kwa Chowe ngakhale m'mbali mwa nyanja dzina la Chipembere linasanduka lonong'ona. Mu 1968 kunabweranso lamulo loti sewero lililonse liziyamba lapimidwa ndi boma. Kuseka sikunathe ayi. Kunangophunzira kuyenda chozemba.

Luso lake lagona apa. Tiyerekeze munthu waima pabwalo n'kunena kuti, "Kwathu kuno kuli mtendere wokhawokha." Wakhala chete. Wacheuka kumanzere, wacheuka kumanja, kenako wabwereza mawu omwewo mokweza, ngati akuuza wina wobisala kuseri kwa mtengo wa mango. Anthu agwa nacho chiphwete. Kazitape akalemba chiyani? Mawu onse ndi oyamika boma. Chipongwe chili m'kachetechete ndi m'khosi mocheukamo, ndipo amene wamaliza nthabwalayo ndi omvera, aliyense mumtima mwake.

Malemu John Nyanga ndi Eric Mabedi, Izeki ndi Jakobo a gulu la Kwathu, ankaidziwa njira imeneyi. Wina amadzipusitsa n'kufunsa funso lachibwana, mnzake pomukonza n'kuulula zomwe akuluakulu sakanafuna kuti zimveke. Chitsiru sachiimba mlandu msanga. Komabe kuphiphiritsa si chishango cha nthawi zonse: Jack Mapanje, mwana wa kwa Kadango konkuno, anabisa mbola m'ndakatulo zake, koma mu 1987 anamutsekera ku Mikuyu mpaka 1991 osamuzenga mlandu.

Chondidandaulitsa n'chakuti ufulu wa 1994 watilowetsa ulesi. Ambiri oseketsa pa Facebook ndi TikTok amangotengera mawu a pulezidenti, kayendedwe ka nduna, basi nthabwala yatha. Ena amatembenuzira mkondo kwa wosauka, kuseka kayankhulidwe ka Myao poyankhula Chichewa, ngati kuti ameneyo ndiye anakweza mtengo wa feteleza. Kumeneko n'kumenya wogwa kale. Daliso Chaponda, amene anakhala wachitatu pa Britain's Got Talent mu 2017, amayamba wadziseka yekha, omvera akamasuka m'pamene amabaya wamphamvu, iwo asanazindikire komwe akuwatengera.

Inu achinyamata ofuna kuimirira ndi maikolofoni pa Mangochi Boma kapena m'malo achisangalalo a m'mbali mwa nyanja, musanathamangire kutengera mawu a andale, kakhaleni pansi ndi agogo a kwa Chowe, muwafunse momwe ankasekera boma m'zaka zomwe kuseka kunkamangitsa.