Nkhondo ya anthu odikira: maganizo anga pa buku la Glide Path

Sabata ino ndabwera ndi buku lakale, la m'Chingerezi, lotchedwa Glide Path. Analilemba ndi Arthur C. Clarke ndipo linatuluka mu 1963. Nkhani yake ndi ya nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, koma ngati mumakonda mafilimu aja a ku vidiyo sho, omwe mfuti zimalira mpaka sipika kusasa mawu, ndikuchenjezerenitu kuti umu mulibe zimenezo. Mdani saoneka n'komwe. Muli anyamata a yunifolomu ali pa bwalo la ndege la kutali, ku Cornwall, kumwera chakumadzulo kwa England, ndipo tsiku ndi tsiku akulimbana ndi makina osachedwa kufa komanso chifunga. Basi. Komabe ine ndikuliika m'gulu la mabuku a nkhondo onena zoona, ngakhale lili ndi zilema zake zomwe nditchule kutsogoloku.

Clarke ambiri amamudziwa ndi nthano za m'mlengalenga, makamaka 2001: A Space Odyssey, filimu ya 1968 yomwe anakonza ndi Stanley Kubrick. Glide Path ndi nthano yake yaitali yokhayo yomwe siikamba zam'tsogolo. Iyi anaitenga pa moyo wake, poti anatumikira m'gulu la nkhondo la mumlengalenga la Britain, Royal Air Force, kuyambira 1941 mpaka 1946, ndipo ntchito yake inali ya radar. Mu 1945, akadali msilikali, analemba m'magazini ya Wireless World kuti setilaiti yoikidwa pa mtunda wa makilomita pafupifupi 36,000 pamwamba pa dziko ingazungulire mofanana ndi dzikolo, n'kumaoneka ngati yaima malo amodzi. Dishi yomwe timaonerapo mpira pa tirediŋi senta sigwedezeka chifukwa cha nzeru yomweyo. Ndiye mlembi wathuyu makina ankawadziwa ndithu, sankachita kufunsa.

Makina a m'bukuli anali enieni. Dzina lake ndi Ground Controlled Approach, ngakhale Clarke analisintha pang'ono m'nthanoyi. Anawapanga ku America, motsogozedwa ndi katswiri wa fizikisi Luis Alvarez, yemwe pambuyo pake analandira mphotho ya Nobel mu 1968, ndipo m'bukuli muli pulofesa woumbidwa motengera iyeyo. Mu 1943 makina oyamba anapita nawo ku Britain kukawayesa. Vuto lomwe ankafuna kuthetsa linali ili: ndege ikabwerera usiku, mafuta atatsala pang'ono, n'kupeza bwalo lakutidwa ndi chifunga, woyendetsa sankaona potera. Ndege zambiri zinkagwa choncho, mdani asanazikhudze. Tsono anaika radar m'magalimoto akuluakulu m'mbali mwa msewu woterapo ndege. M'katimo anthu ankayang'ana kadontho ka kuwala pa sikirini, ena kuona ngati ndege yapatukira kumanja kapena kumanzere, ena kuona ngati yakwera kapena yatsika kwambiri. Kenako munthu mmodzi ankalankhula ndi woyendetsa pa wailesi, kumuwongolera pang'onopang'ono mpaka matayala akhudze pansi. M'ndegemo simunkafunika chida chachilendo, wailesi yokha ndi khutu lomvera. Njira imeneyi inadzathandiza kwambiri mu 1948 ndi 1949, pamene ndege zinkatuta chakudya ndi malasha kupita ku Berlin misewu itatsekedwa.

Taganizirani bwino pamenepa, poti mtima wa bukuli uli apa. Woyendetsa ndege ndi munthu wonyada, wozolowera kudalira maso ake. Lero akuuzidwa kuti aiwale maso akewo, amvere mawu a munthu yemwe sakumuona, mwina wocheperapo pa udindo, yemwe wakhala pa mpando m'kachipinda ka mdima. Clarke akuonetsa bwino kuti makina kupangidwa ndi theka chabe la ntchito. Theka linalo ndi kuchititsa munthu kuti apereke moyo wake m'manja mwa liwu.

Mpangankhani wamkulu ndi Alan Bishop, mnyamata wamanyazi yemwe waphunzira za radar ndipo watumizidwa ku bwalo limeneli. Chomwe chinandikoka n'chakuti mlembi sakuthamangira pampondachimera. Akutikhazika pansi tione tsiku wamba la pa siteshoni. Makinawo anali ndi timababu ta galasi mazanamazana, tonga ta m'mawailesi akale aja, ndipo kamodzi kakapsa zonse zimasokonekera, ndiye ufufuze kuti ndi kati. Ndege yoyesera inyamuke, izungulire, itsike, inyamukenso, kambirimbiri, nyengo ili bwinobwino, pokonzekera usiku umodzi womwe nyengo idzaipe. Anthu akudikira chipangizo, akudikira lamulo la akuluakulu, akudikira thambo. Akale anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo bukuli limafuna owerenga odekha motero. Ena mudzati likuchedwa. Ine ndikuti kuchedwako ndiye nkhani yake, chifukwa asilikali ambiri pa nkhondo iliyonse masiku awo amathera pa kudikira, kukonza zinthu ndi kulakalaka kwawo.

Zilema nazo zilipo, ndipo si zazing'ono. Clarke akafika pa waya ndi magetsi, cholembera chake chimavina. Akafika pa mtima wa munthu, chimatsimphina. Zakumudzi kwa Alan komanso zachikondi zimamveka ngati homuweki yomwe mlembi akufuna angothana nayo abwerere ku makina ake. Ukamaliza buku umakumbukira mmene kadontho kamayendera pa sikirini, koma nkhope za anthu zimafufutika msanga. Ndipo pali china chondiwawa. Pa nkhondoyo masiteshoni ambiri a radar ku Britain ankadalira akazi a gulu la Women's Auxiliary Air Force, omwe ankakhala maola ambiri maso ali pa sikirini. M'nthanoyi akazi sapatsidwa mpata woti timve za mumtima mwawo. Buku lomwe likulemekeza antchito osaoneka lasiyanso ena osaoneka kumbuyo kwa chitseko. Eti?

Kwa ife Amalawi, kuwerenga za chifunga ndi ndege sikulinso nkhani ya kutali. Pa 10 Juni 2024 ndege ya asilikali athu, ya mtundu wa Dornier 228, inanyamuka ku Lilongwe kupita ku Mzuzu, sinathe kutera chifukwa cha nyengo yoipa, ndipo inagwa m'nkhalango ya Chikangawa. Malemu a Saulos Chilima, wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko lino, anafera pomwepo pamodzi ndi anthu ena 8. Tonse tikukumbuka usiku uja, mafoni ali m'manja, tikudikira uthenga mpaka tsiku lotsatira. Apa sindikuweruza za ngoziyo, imeneyo ndi ntchito ya ofufuza. Ndikungonena kuti aliyense amene anagona maso ali gwa usiku umenewo adzamva msanga chomwe Clarke akutanthauza: pakati pa ndege ndi nthaka pali anthu okhala pa mipando, pali makina ofunika kusamalidwa tsiku lililonse, ndipo ntchito yawo imaoneka yotopetsa mpaka tsiku lomwe ifunike.

Tsono ndibwere kwathu kuno kwa Ngokwe, m'mbali mwa nyanja ya Chiuta, komwe ndikulembera. Siteshoni yathu ya odikira inali njanji. Njanji yochokera ku Nkaya m'boma la Balaka, kudutsa pa Liwonde mpaka pa Nayuchi, inatsegulidwa mu 1970 kuti katundu wa Malawi azifika ku doko la Nacala. Nkhondo ya pakati pa boma la Frelimo ndi Renamo itakula m'zaka za m'ma 1980, sitima zinasiya kuyenda bwino, ndipo katundu wathu anayamba kuzungulira njira zazitali zodula. Kuyambira 1987 asilikali a Malawi anatumizidwa m'kati mwa Mozambique kukalondera njanjiyo ndi anthu oikonza, ndipo ena sanabwerere amoyo. Mgwirizano wa mtendere unasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992. Nthawi yonseyi anthu othawa nkhondo ankalowa m'dziko muno, mpaka chiwerengero chawo chinafika pafupifupi miliyoni imodzi.

Msilikali wolondera njanji ali ngati Alan Bishop, kungoti radar yake ndi maso ndi makutu ake. Wakhala pa kamsasa m'tchire, akuyang'ana zitsulo ziwiri zopita kutali, sakudziwa ngati lero kubwera sitima kapena zipolopolo. Madzi atunga kuti? Nsima aphika ndi nkhuni zotola ndani, poti m'tchiremo mungakhale mabomba okwirira? Kalata ya kwa mkazi wake ipita ndi yani? Malungo akamugwira usiku atani? Ndipo tsidya lino, mayi wa m'mudzi wa m'malire naye anali mlonda, akumvetsera usiku ngati kulira kwamveka kuchokera kum'mawa n'kwa bingu kapena kwa mfuti. Msodzi wa matemba ndi milamba pa Chiuta ankayenera kudziwa pomwe bwato lake lilekezere, chifukwa nyanjayi timagawana ndi Mozambique. Zonsezi ndi nkhani, ndipo zili pakhomo pathu.

Taonani gule wa beni, yemwe amavinidwa kwathu kuno kwa Ayao. Anatengera pa pelete wa asilikali a nthawi ya atsamunda: mayunifolomu, maudindo, wezulo, kuguba. Ndimamukonda gule ameneyu, koma akutiuza kanthu za mmene luso lathu limakumbukirira usilikali. Timasunga zowala, zomveka, za pa bwalo. Maola aja a msilikali ali yekha, akusoka nsapato yong'ambika, sitinawapezere ng'oma. Agogo athu a King's African Rifles anafika ku Ethiopia, ku Madagascar mpaka ku Burma, ndipo nkhani zawo tikamazikamba pa moto timathamangira pomwe panalira mfuti, miyezi yodikira sitima ya pamadzi timaidumpha.

Apa ndi pomwe Glide Path ingathandize mlembi wachinyamata. Clarke anadikira zaka pafupifupi 20 asanalembe za siteshoni yake, koma anali nazo m'mutu chifukwa anakhalapo yekha. Ife sitinakhalepo pa njanji ija. Amene anakhalapo ali ndi imvi tsopano, ena ali m'midzi mwathu momwemu, akulima mpunga ndi chimanga, ndipo chaka chilichonse timaika ena m'manda pamodzi ndi zonse zomwe anaona. Foni yomwe mukuwerengerapoyi ili ndi chojambulira mawu. Mukapita kwa amalume kapena agogo omwe anali asilikali, kapena kwa azakhali omwe anawoloka malire ndi mwana kumsana, musayambe ndi funso loti munapha angati. Afunseni kuti m'mawa ankadya chiyani, sopo ankamupeza bwanji, Lamlungu kapena Lachisanu ankapemphera kuti, ndani ankawaseketsa. Mudzadabwa mmene munthu amamasukira ukamufunsa zazing'ono, ndipo zazikuluzo zimatulukira momwemo zokha.

Kodi muliwerenge? Ngati mukufuna chikondi chokugwedezani mtima, lisiyeni, mudzanditukwana chabe. Ngati mumakonda kudziwa mmene zinthu zimagwirira ntchito, kapena mukulemba nthano ndipo mukufuna kuona mmene mlembi angapangire kuti kukonza makina kukhale kochititsa nthumanzi, lifunefuneni. Chingerezi chake n'chosavuta ndipo silalitali. Potengera pa ukatswiri wa Clarke pa makina, phunzirani kudziwa ntchito ya mpangankhani wanu mpaka pa kamsomali. Pomwe iye anafooka, pa anthu, ndi pomwe ife tingamupose, chifukwa kwathu kuno kucheza ndi kufunsa za moyo timakudziwa.

Amene muli ndi wachibale yemwe analondera njanji ya Nacala, tandiuzani m'munsimu zomwe anakusimbirani, osatchula dzina lake ngati sanakuloleni.