Pauta imachula okhoza, nanga osowa?

Kumapeto kwa caka catha, sukulu ina ya kuno kumalire inanditumizira kapepala koti ndiwerenge pa wailesi. Kanati pafupifupi ana onse akhoza. Ndinawerenga mokondwa, ndi nyimbo pamwamba. M'mawa mwace mayi wina anandiimitsa kucigayo: "Bambo a pa wailesi, wanga uja anasiya sukulu nthawi yokolola, kupita ku ganyu kutsidya. Mwamuwerenga kwa okhoza kapena kwa olephera?" Ndinasowa coyankha. Mwanayo sanali mbali iliyonse.

Apa ndi pamene ndikudzudzula m'mene timalengezera zotsatira. Caka ciliconse, pa 3 de Março, sukulu za m'dziko muno zimawerenga ana olembetsa ndi kutumiza nambala ku boma. Koma caka cikatha, nambala imene timaimva pa misonkhano nthawi zambiri ndi ya ana okhawo amene anafika kumapeto.

Tiyerekeze: kalasi inayamba ndi ana 60. Ana 20 anasowa m'njira, ena kumunda, ena kumsika wa pamalire, ena kubanja. Pa 40 otsala, 36 apeza nota 10 kapena kuposa pa 20. Wowerenga otsala okha adzati 90 pa 100 akhoza. Wowerenga onse oyamba aja adzati 60 pa 100. Palibe wanama, koma nambala yoyamba yameza ana 20. Kalasi yotaya ana ofooka imaoneka yanzeru kuposa imene inawasunga mpaka mayeso.

Sindikuloza cala aphunzitsi okha. Mphunzitsi wodziwa kuti adzamuyesa ndi nambala yokoma sangathamangire kuonetsa yowawa. Nafenso a wailesi tili ndi mlandu, timalengeza osafunsa. Makolo tikafika pakhoma, timafuna dzina la mwana wathu basi, mawu oti desistente kuwadumpha ngati si athu. Ana ena akuphunzira m'Cinyanja, koma pauta ikali kulankhula Cipwitikizi cokha. Agogo olera adzukulu aimva bwanji?

Safunsa anadya phula. Makolo, inu muli ndi mipando mu Conselho de Escola. Mukamva kuti ana akhoza, funsani mwaulemu: Analembetsa angati mu Marici? Afika kumapeto angati? Pa osowawo, atsikana ndi angati? Aphunzitsi, pophunzitsa masamu a "pa 100", musakatenge citsanzo kutali. Ana awerenge okha anzawo amene anayamba nawo ndi amene atsala. Iwo amadziwa dzina ndi mudzi wa aliyense wosowa, ndipo mwina ndiwo angamuitane.

Ine ndatsimikiza mtima: kapepala kobwera ndi nambala imodzi sindidzakawerenganso pa wailesi mpaka atandiuza kuti anayamba angati. Mayi uja ndikali naye ngongole ya yankho.