Mlandu wanga ndi buku la Nthondo

Buku la Nthondo, lolembedwa ndi Samuel Josia Ntara, mphunzitsi wa ku mishoni ya Nkhoma ku Malawi, linatuluka mu 1933. Chaka chotsatira T. Cullen Young analimasulira m'Chingerezi n'kulitcha Man of Africa. Ndimalikonda bukuli, koma ndili nalo mlandu umodzi.

Ntara ndi katswiri poonetsa mmene munthu amaonongekera. Nthondo sanasanduke mbala tsiku limodzi. Anayamba ali wamng'ono, nakula nako kuba, napita kutali kukasaka ntchito, kenaka anabwerera kwawo n'kulowa ufumu. Chakumapeto anatembenuka mtima nakhala Mkhristu. Mlandu wanga uli pamenepa: kuipa kwake timakuona kukukula pang'onopang'ono, koma ubwino wake ukutipeza buku lili pafupi kutha.

Aristotle, Mgiriki amene anabadwa mu 384 namwalira mu 322 Yesu asanabadwe, akanafunsa kuti Nthondo watsopanoyu anazolowera liti kukhulupirika. M'buku lake la Nicomachean Ethics, iye anaphunzitsa kuti munthu sabadwa ndi khalidwe labwino. Amalipeza pochita zabwino mobwerezabwereza kufikira zitamulowerera, monga mmene telala amadziwira kusoka chifukwa chokhala pamakina tsiku ndi tsiku. Cholinga chake anachitcha eudaimonia, kutanthauza moyo wathunthu woyenda bwino, osati chisangalalo cha Loweruka usiku. Makolo athu anali ndi nzeru yomweyi pamene ankati kuongola mtengo n'poyamba.

Sindikutsutsa kulapa ayi. Ntara analemba monga munthu wa mpingo wokhulupirira kuti chisomo chimasintha mtima, ndipo ambirife tikudziwa anthu amene anasinthadi. Nkhawa yanga ili pa inu achinyamata a mu Nabvutika, kuti mungatseke bukuli mukuganiza kuti “ndidzasintha ndikadzakula”. Amene wazolowera likeji pa mayeso a giredi 12 sadzangodzuka ali wokhulupirika tsiku limene adzamuike pa buthi ya mobile money. Mtsikana wogulitsa tomato pa msika wa Kapata, amene amabweza chenji chonse ngakhale kasitomala sanawerenge, wayamba kale kumanga umunthu wake.

Werengani Nthondo, koma mukhalitse pa mitu yoyambirira. M'menemo ndi mmene Ntara akutionetsa bwino kwambiri mmene chizolowezi chimaumbira munthu.